Mawanga otuwa osamva mankhwala a zikanga: kodi ingakhale khansa?

NaPhiri:
Mwana wanga wamkazi wa zaka 14 ali ndi mawanga otuwa m'matako, m'ntchafu ndi kumsana, osayabwa kwenikweni, ndipo mankhwala opaka a zikanga sanathandize. Adokotala a khungu akuganizira mtundu wa khansa wotchedwa mycosis fungoides yotuwitsa khungu, ndipo akufuna kudula kachidutswa ka khungu kuti akapime. Zingatheke bwanji kukhala khansa mwanayo akudya ndi kusewera bwinobwino?

Wazaumoyo ku Lilongwe:
Mayi, zimatheka, koma musataye mtima. Iyi ndi khansa ya maselo oyera a m'magazi otchedwa T-lymphocyte, amene amaunjikana pakhungu n'kusokoneza maselo opanga mtundu wa khungu. Mtundu wotuwitsawu umaoneka kwambiri pa anthu akhungu lakuda, makamaka ana ndi achinyamata, ndipo umayenda pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Kuno kwathu wanga lotuwa timayamba talipimira khate, pokhudza ndi thonje mwana atatsinzina, chifukwa wanga la khate limachita dzanzi, pomwe zikanga zimadziwika popala khungu n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Chimene chimachedwetsa ambiri kudziwa matendawa ndi mafuta opaka a steroid, ochepetsa kutupa ndi kuyabwa: amabisa maselo odwalawo, motero adokotala amauza wodwala kuti asiye kupaka kwa milungu 2 mpaka 4 asanadule. Ndi bwino adule malo awiri kapena atatu, ndipo zotsatira zikapanda kumveka musadabwe akabwereza.

Bambo wa ku Birmingham:
Ine ndinapezeka nayo ndili wamkulu kale. Sindinalandire chemotherapy (mankhwala opha maselo a khansa) ya m'mitsempha, popeza matenda akakhala pakhungu pokha amachiza khungulo. Ankandiunika ndi kuwala kwapadera kwa makina kotchedwa narrowband UVB kawiri kapena katatu pa mlungu kwa miyezi ingapo, pamodzi ndi mafuta opaka, mpaka mawanga anayamba kuda ngati khungu lina. Mufunse adokotala siteji, kutanthauza pamene matenda afika: IA ndi pamene mawanga sanafike 10 peresenti ya thupi, IB ndi pamene afika kapena kupitirira. Mawangawa amakonda kubwerera chithandizo chikatha, choncho kukaonana ndi adokotala sikusiyidwa.

NaPhiri:
Zikomo abambo nonse. Kumene makina ounikirawo kulibe, n'kumuika padzuwa?

Wazaumoyo ku Lilongwe:
Musayambe nokha, mayi, chifukwa dzuwa lilibe mlingo ndipo limatha kuwotcha malo otuwawo. Dikirani zotsatira, adokotala akuuzeni mafuta oyenera, ndipo mukaona wanga likukhuthala kapena mwanabere watupa m'khwapa, mubwerere msanga.