Telala wa chiuno ndi khosi akungobwerabwera, tiwathandize bwanji?

Chisomo: Akuluakulu anzanga a mafizo, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi wodwala, bambo ena a zaka za m'ma 40, ndi atelala, amasokera pakhonde ndi makina opondera. Vuto ndi chiuno ndi khosi. Tikawachita mafizo amapezako bwino, koma pakapita miyezi iwiri kapena itatu abweranso, makamaka sukulu zikamayandikira kutsegulira, ntchito ya mayunifolomu ikachuluka. Ali ndi pepala la mafizo khumi, la zithunzi. Akuti amachita "akapeza mpata". Panopa akumwa brufen wa pagolosale tsiku ndi tsiku, agulanso lamba wa m'chiuno.

A Phiri: Tisanafike pa mafizo, achemwali. Ululu umawadzutsa usiku? Akuwonda? Thukuta la usiku, kutentha thupi, kutsokomola? Mukagogoda fupa la msana pali malo amodzi pomwe amalumpha? Kwathu kuno msana wosamva mankhwala tisamaiwale TB ya msana. Mufunsenso za dzanzi pakati pa miyendo ndi kuvuta kwa mkodzo kapena chimbudzi. Chimodzi mwa zimenezi chikapezeka, ameneyo si wathu lero, apite kwa adokotala.

Chisomo: Zonsezo ndinafunsa bwana, palibe. Sikelo sinasinthe, usiku amagona bwino, miyendo ili ndi mphamvu. Ululu umayamba akakhala nthawi yaitali, umafika m'thako la kumanja koma sudutsa bondo. Akaimirira n'kuyendako umachepa.

Yamikani: Ndiye nkhani yaphweka. Kukhala kumawapweteka, kuyenda kumawathandiza, yesani mafizo a McKenzie, opindikira msana chammbuyo. Agone chafufumimba, atsamire zigongono kaye, kenako adzikankhe ndi manja chiuno chili pansi, kakhumi. Inu muzifunsa komwe ululu ukulowera. Ukamachoka m'thako kubwerera pakati pa msana, ngakhale utawonjezekako pang'ono pakatipo, muli panjira yabwino. Ukamatsikira kumwendo, siyani.

Mayi Nkhoma: A Yamikani, zoona, koma munthu wosokera pakhonde la sitolo agona chafufumimba pati? Pafumbi, makasitomala akuonerera? Sadzachita. Ndipo vuto lalikulu ine ndaliona pa pepala lija. Mafizo khumi ndi athu ife okonda kulemba, munthu amene akuthamangitsana ndi madiresi a ukwati sangawakwanitse. Apatseni awiri a pantchito, awiri a kunyumba, basi.

A pantchitowo muwamangirire pa chinthu chimene amachita kale. Bobini ikatha, asanakulunge ulusi wina, aimirire, agwire m'chiuno ndi manja onse, apindikire chammbuyo kasanu mpaka kakhumi. Ndi McKenzie yomweyo, yoimirira. Akakhala pansi akokere chibwano m'kati, maso ali kutsogolo, osaweramitsa mutu, awerenge mpaka 5, abwereze kakhumi. Wotchi sadzayang'ana, alamu ya pafoni adzaizimitsa tsiku lachiwiri, koma bobini idzatha ndithu.

Yamikani: Apo mwandigwira mayi 😂 Koma kuchipatala ayesedwe chogona kaye, tidziwe ngati kupindikira mmbuyo kukuwayanja.

Tadala: Ine lamba uja ndisamutsutse kwambiri. Odwala ambiri amati amawathandiza, ndipo munthu wawononga kale ndalama. Bwanji azivala masiku a ntchito yambiri okha? Ndipo ngati muli ndi makina a ultrasound, ogwiritsa ntchito pa mafizo aja osati ojambulira m'mimba, awaikeniko, amachoka akusangalala.

A Phiri: Kusangalala amasangalala, n'chifukwa chake amabweranso. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a mu December 2023 okhudza ululu wa msana wokhalitsa sakulimbikitsa malamba, kukoka msana ndi makina, ngakhale ultrasound imene. Akulimbikitsa mafizo ndi kumuphunzitsa wodwala. Lambayo musawalande, mungodana nawo. Auzeni kuti sachiza, azimuchepetsa pang'onopang'ono. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi brufen wa tsiku ndi tsikuyo. Zilonda za m'mimba ndi impso sizichenjeza. Akaonane ndi a clinician, awayezenso BP.

Za kunyumba ndingasankhe ziwiri izi. Kugona chagada mawondo atapinda, n'kukweza matako mpaka thupi liwongoke kuchokera m'mapewa kufika m'mawondo. Kenako kugwada manja ali pansi, kutambasula dzanja la kumanja ndi mwendo wa kumanzere, kuwerenga mpaka 10, n'kusintha. Chiuno chisagwedere, tangoganizani pali kapu ya tiyi pamsana. Pamphasa m'mawa, mphindi zosakwana 10.

Mayi Nkhoma: Onjezani kuyenda. Kafukufuku wa WalkBack wa ku Australia, amene anatuluka mu 2024, anatsata anthu 701 omwe anali atangochira msana. Oyenda motsatira ndondomeko, ataphunzitsidwanso ndi a mafizo, ankatha masiku pafupifupi 208 ululu usanabwerere, pomwe amene sanapatsidwe ndondomekoyi ankatha masiku 112. Apa ndiye pagona funso lanu Chisomo, poti kuchiza mukuchiza kale, chikuvuta n'kubwereraku. Ngati amakwera kabaza popita kuntchito, azitsikira patali pang'ono, ayende mphindi 20 kapena 30.

Chisomo: Zikomo kwambiri. Nanga khosi? Chibwano chija ndinawaphunzitsa kale, amachita bwino pamaso panga. Koma mkazi wawo anandionetsa chithunzi ali pamakina, mphuno yatsala pang'ono kugunda singano.

Mayi Nkhoma: Amakhalira chiyani?

Chisomo: Kabenchi kakafupi, kopanda chotsamira. Mawondo ali mmwamba kuposa chiuno.

Mayi Nkhoma: Akweze. Thabwa pansi pa miyendo ya benchi kapena pilo wolimba wa zigamba, zigamba ndiye sasowa. Chiuno chikhale pamwamba pang'ono kuposa mawondo, benchi ayisendeze pafupi ndi makina, mapazi onse awiri akhale pa chopondera, osati kupalasa ndi mwendo wa kumanja wokha tsiku lonse. Akapeza mpando wotsamira, apinde kansalu aike kumbuyo kwa chiuno.

A Phiri: Dikirani. Mwati zaka za m'ma 40, mphuno pa singano? Afunseni amene amawalowetsera ulusi pa singano.

Chisomo: Ndawaimbira. Akuti mnyamata amene akumuphunzitsa ntchito ndiye amalowetsa, iwo chibowo sachionanso bwino chiyambire chaka chatha. Meseji ya pafoni amawerenga ataitalikitsa.

A Phiri: Ndi maso amenewo. Munthu akadutsa zaka 40 kuona pafupi kumayamba kuvuta, ndiye amasuzumira mzere wa ulusi, khosi n'kumalipira. Tingawakokere chibwano chaka chonse, akakhala pamakina mutu ubwerera komweko. Atumizeni kwa a maso akayezedwe, mwina ndi magalasi owerengera chabe. Makinawo awatembenuzenso kuti kuwala kuzigwera pa nsalu, osati iwo kudzitchinga ndi mthunzi wawo.

Tadala: Ndiye ultrasound yanga ija yagwa mayeso kawiri lero 😅

Chisomo: Patha milungu 6, ndibweze mawu. Magalasi anapeza, benchi anakweza ndi matabwa. Khosi akuti lasiya kulemera madzulo, brufen anasiya. Za bobini amachita, mpaka telala mnzawo wa khonde lomwelo wayamba kutengera. Za pamphasa amachita mwa apo ndi apo, kuyenda ndiye akuti nthawi palibe. M'thako ululu unachoka, watsala wa pakati pa chiuno akasoka mpaka usiku.

Mayi Nkhoma: Musawaonjezere china chilichonse. Limbikirani kuyendako, ayambe ndi mphindi 10 popita kokadya masana. Ndipo tsiku lobweranso muwalembere kumayambiriro kwa August, mayunifolomu asanawunjikane.