Tima van pa COF: kodi timagwera pati kwenikweni?

Wamalonda wa ku Salima: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Tima van tonyamula katundu ngati Vanette, Bongo ndi Probox anthu amati timabwezedwa kawirikawiri pa COF, kuyeza kwa ku Road Traffic koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu. Kodi oyeza amatigwira pati, ndipo munthu ayambire pati kukonza tsiku la pa disiki lisanakwane?

Makanika wa pa Kamuzu Road: Achimwene, yambirani mabuleki akumbuyo. Makina oyezera amawerenga mphamvu ya tayala lililonse palokha. Kumanja kukamagwira kwambiri kumanzere kuli kofooka, galimoto yagwa, ngakhale pamsewu imaima bwinobwino. Pa Vanette ndi Bongo chimene chimavuta ndi siilo ya difu: ikatha, oilo amalowa mu dramu n'kunyowetsa ma shoe. Pa Probox nthawi zambiri ndi wheel cylinder imene imadontha brake fluid. Chotsani dramu muone ndi maso. Mukapezamo phala lakuda lonona, sinthani chomwe chikudonthacho pamodzi ndi ma shoe a mbali zonse ziwiri. Zotsuka ndi petulo musayese, oilo amatulukanso buleki ikangotentha. Handibuleki imadalira ma shoe omwewo, ndiye muikoke pomaliza.

Mukatero ikwezeni kutsogolo ndi jeke. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi n'kugwedeza: likachita khwekhwerekhwe, ndi ball joint kapena bearing. Likamasewera mukagwira m'mbali, ndi tie rod end kapena rack end. Maenje a mu M5 amadya zimenezi msanga.

Dalaivala wa ku Nkhotakota: Zoona zimenezo, madala, koma kuno kunyanja muwonjezerepo dzimbiri. Van yonyamula nsomba za fuleshi, madzi ake amadikha pansi pa kapeti n'kuboola chitsulo, kenako amakagwira mapaipi a mabuleki ndi pomwe pamangidwa masipuling'i. Yalulani kapetiyo, mulowenso pansi ndi tochi. Pobooka pawotcheredwe chitsulo chenicheni, chifukwa body filler sanyamula katundu.

Matayala nawo: mkati mwa mizere muli timabampu ta 1.6 mm, mphira ukafanana nato tayala latha. Ambiri amaika matayala a saluni pa van yonyamula matumba a mpunga, n'chifukwa chake amatupa m'mbali. Gulani olembedwa C kapena LT. Manambala anayi omaliza pa nambala ya DOT yolembedwa m'mbali mwa tayala amasonyeza nthawi imene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2019. Ndipo chonde, kubwereka matayala a mnzanu tsiku loyezetsa lokha n'kuika miyoyo ya anthu pachiswe, makamaka potsika mapiri a mu M14 muli ndi katundu.

Wamagetsi a galimoto: Zing'onozing'ono zimabwezetsanso: babu ya pa nambala, hutala, ma wiper, malamba, galasi long'ambika kutsogolo kwa dalaivala. Indiketa ikamaphethira limodzi ndi magetsi a buleki, musataye ndalama pa mababu. Ndi waya wa earth wachita dzimbiri kuseri kwa nyale. Palani ndi sandipepa, mumangenso. Nambala ya chassis muipukute izioneka, ifanane ndi yomwe ili pa mapepala a ku Road Traffic.