Ndabwera ndi yankho pa za chotupa cha muubongo chija

Abale anga, mwezi watha ndili kuno ku Nchalo ndinafunsa ngati pali mankhwala akumwa a glioma yokula pang'onopang'ono, chotupa chimene anamupeza nacho mwana wa achemwali anga. Adokotala ku Blantyre atifotokozera. Alipo: dabrafenib ndi trametinib anavomerezedwa ku America mu 2023, tovorafenib mu 2024, ndipo tovorafenib ameneyu akumuyesabe poyerekeza ndi chemotherapy, mankhwala opha maselo a khansa. Amatseka njira ya MAPK, imene ikasokonekera imauza maselo kuti azingochulukana osaleka. Komatu amathandiza pokhapokha jini (malangizo a mkati mwa maselo) yotchedwa BRAF ya chotupacho itasokonekera, ndiye ayambe ayeza kachidutswa ka chotupacho. Za mtengo, ife odula nzimbe, ndisayambe dala. Tikudikira zotsatira, ndipo kusanza kwa mwanayo kwachepako.