Zomwe tapeza pa nkhani ya alonda a pa tchalitchi chathu

Mwezi watha ndinafunsa ngati kuli koyenera kuti achinyamata athu azigonera pa tchalitchi mosinthana, akuba atathyola zenera la kuchipinda chosungiramo katundu n’kutenga zokuzira mawu ndi batire la sola. Tsopano ndabwera kudzafotokoza pomwe tafika.

Titakambirana ndi apolisi a m’dera lathu, tinamvetsa kuti munthu wamba ali ndi ufulu wogwira wakuba amene wamupezerera, koma ayenera kumupereka kupolisi mosachedwa; kumumenya kapena kumutsekera mpaka kuche ndi mlandu umene ungagwere achinyamatawo ngakhalenso akuluampingo amene anawatuma. Izi zinandidetsa nkhawa, chifukwa ena anali atasema kale zibonga.

Choncho tagwirizana kulemba mlonda mmodzi ndi kalata ya ntchito, motsatira lamulo la Employment Act la 2000, ndipo tizimulipira malipiro osachepera omwe boma linakhazikitsa. Akavulala ali pa ntchito, chipukuta misozi chidzakhala udindo wa mpingo. Tamugulira tochi, wenzulo ndi foni, ndipo zopereka za Lamulungu sizigonanso mu tchalitchi: msungichuma ndi dikoni mmodzi amakazisungitsa kubanki Lolemba m’mawa.