Ngongole ya K120,000 ndi nyimbo ya gemu imene ikudukiza

Wapampando: Amayi ndi abambo a gulu lathu losunga ndi kubwereketsana ndalama la ku Mtunthama, nkhani imene inatikanika Loweruka ija tiimalizire muno, kuti tsiku logawana lisadzatipeze tikukokanabe. A Mlembi, tikumbutseni.

Mlembi: Achimwene opanga gemu anabwereka K120,000, ndipo K50,000 mwa ndalamazo anapatsa abambo oimba, amenenso ndi membala wathu, kuti awakonzere nyimbo yomveka chapansipansi mu gemu yophunzitsa ana masamu. Tsiku lobweza linadutsa, ndipo tsopano akupempha kuti K50,000 ija idulidwe pa masheya a oimbawo.

Wopanga gemu: Ndikupempha choncho chifukwa wogula wakana kulipira mpaka nyimbo ikonzedwe. Nyimboyi ndi ya masekondi 32, ndipo imayenera kumangozungulira mwana osazindikira pamene yathera ndi pamene yayambiranso, koma ikafika kumapeto imayamba yadukiza, kenako kumamveka kaphokoso kakuti tha! Mwana akasewera mphindi khumi amakamva kambirimbiri, ndipo wogulayo anakamva atangotsegula.

Woimba: Achimwene, munandiuza nokha kuti nditumize MP3, ndipo ndi zimene ndinachita. Ndalama ija ndinaigwirira ntchito, ndiye masheya anga asakhudzidwe.

Aphunzitsi: Ndamvetsera fayiloyo pa kompyuta, ndipo ndapeza kuti mavuto alipo awiri, osati limodzi. Kudukizako n'chibadwa cha MP3, chifukwa imasunga mawu m'tizigawo ta masampulo (timiyezo ting'onoting'ono ta mawu) 1,152, ndipo poipanga kompyuta imaika kachete koyambirira n'kuwonjezeranso kachete kumapeto kuti kachigawo komaliza kadzaze. Kacheteko sikakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, koma ng'oma ikachedwa pang'ono pokha khutu limamva. N'chifukwa chake opanga magemu amakonda mafayilo a mawu a mtundu wa OGG kapena WAV, amene mapulogalamu opangira magemu a Unity ndi Godot amawalandira bwinobwino, ndipo apa achimwene mukanayenera kupempha zimenezo. Koma kaphokoso kaja n'kanu, abambo oimba. Mutakulitsa chithunzi cha mawu mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity muona kuti munadula pamene funde lili m'mwamba, osati pa mzere wapakati, ndiponso mchira wa gitala yomaliza, kutanthauza kulira kwake kumene kumazilala pang'onopang'ono, munangoutaya, pamene umayenera kusanjikizidwa koyambirira kwa nyimbo kuti kumapeto kulumikizane ndi chiyambi. Nyimbo yanu imagunda ka 120 pa mphindi, choncho masekondi 32 ndi kugunda 64 ndendende, ndipo kudula kuyenera kugwera pamenepo. Chonde musangosandutsa MP3 yomweyo kukhala OGG, chifukwa kachete kaja kadzatsatira. Tulutsani fayilo yatsopano kuchokera ku ntchito yoyambirira.

Msungichuma: Tathokoza, aphunzitsi, koma ine ndikuyang'ana buku. Amene anasaina ngongole ndi achimwene, ndipo gulu silinalowe nawo m'pangano la awiriwa. Tikadula masheya a munthu lero chifukwa cha malonda amene sanayende, mawa wina adzabwera ndi nkhani ya soya amene anagulitsa pa ngongole kwa mnzake, ndipo bokosi lathu lidzasanduka bwalo la milandu.

Mayi wosunga kiyi: Pa ngongole ndikugwirizana nanu, a Msungichuma, koma chindapusa chochedwera chikundipweteka mtima. Mnyamatayu sanadyere ndalamazi, ndipo theka la vutoli si lake.

Msungichuma: Amayi, chaka chatha tinalipiritsa chindapusa munthu amene fodya wake anachedwa kugulitsidwa ku msika wa Chinkhoma, ndipo iyenso sanadyere. Sindingayang'ane munthu ameneyo m'maso titakhululukira wina.

Woimba: Za mchira wa gitala ndazimva. Ndikonza popanda kulipiritsa ndipo nditumiza OGG Lachitatu, komanso ndilipira theka la chindapusacho, malinga masheya anga asiyidwe.

Wopanga gemu: Ndavomera, koma aphunzitsi aimvetsere ikuzungulira mkati mwa gemu ndisanaipereke kwa wogula.

Wapampando: A Mlembi, lembani kuti ngongole ndi chiwongoladzanja chake zikhalabe m'dzina la achimwene, chindapusa agawana pakati, ndipo zonse zilowe m'bokosi pa msonkhano wa Loweruka likudzali.