Mahedifoni "ochiritsa nkhawa" a 3,500 MT: ndiwagulire amayi kapena ndisiye?

Make Tadala (Moatize): Abale anga a m'gulu lino, ndithandizeni nzeru ndisanatulutse ndalama. Amayi anga akuvutika ndi nkhawa. Zinayamba ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022, mtsinje wa Revúbuè utasefukira mpaka kugumula mlatho. Anali kwathu kuno nthawi imeneyo, ndipo tinathawa usiku madzi atalowa m'nyumba. Anabwerera kumudzi ku Dómuè, koma mpaka lero kumwamba kukangoda, mtima umawagunda, manja amanjenjemera, tulo osabwera. Amakhala tsonga pamphasa mpaka tambala kulira. Tsono kuli mnyamata wina wogulitsa zamagetsi mumzinda wa Tete, wandionetsa mahedifoni otseka makutu onse, okhala ndi kakhadi kodzaza kale mawu amene akuti amakhazika ubongo pansi. Pabokosi alembapo "binaural" ndi "432 Hz". Akufuna 3,500 MT, mameticali athu a kuno ku Mozambique. Mvula yayandikira ndipo mtima wanga suli m'malo. Ndigule?

Bambo Maseko (Ulongwe): Pepani ndi matendawo, mayi. Koma ine ndikuti ayi. Ndalama imeneyo kuno timaiwerengera feteleza wa mbatata. Komanso kwa amayiko magetsi alipo? Chinthucho azikatchaja kuti?

Make Tadala (Moatize): Magetsi kulibe, amalume. Foni amatchajitsa kwa aneba amene ali ndi sola.

Chikumbutso (dalaivala, Zóbuè): Ine ndikusiyana nanu, bambo Maseko. Ndili nawo ofanana nawo, ndipo sindidandaula. Tikaima pachipata kudikira mapepala, usiku wonse injini zikulira, maganizo amandichuluka: katundu wa eni, ana kunyumba, msewu wa mawa. Ndikavala n'kuika nyimbo zapansipansi, phuma limatsika, ndimagona. Munthu amene sanagonepo ndi mtima wothamanga sadziwa kuti tulo n'chuma. Achemwali, ngati ndalama ilipo, gulani.

Nagama (namwino): Onse awiri muli ndi mfundo, koma tisiyanitse zinthu ziwiri: nyimbo, ndi katundu amene akugulitsidwayo.

Zoti nyimbo zimachepetsa nkhawa si nkhambakamwa. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku amene anaphatikiza zoyesa 73 za odwala pafupifupi 7,000 ochitidwa opaleshoni. Amene anamvetsera nyimbo anali ndi nkhawa yochepa, ululu wochepa, ndipo anafuna mankhwala opha ululu ochepa poyerekeza ndi anzawo. Koma taonani, zinali nyimbo wamba zamitundumitundu, ndipo mtundu wa nyimbo sunasinthe kwenikweni zotsatira zake. Panalibe chida chapadera. Chinanso, imeneyo inali nkhawa ya maola ochepa, ya munthu wopita kumpeni. Ya amayi athuwa yatha zaka, ndipo gwero lake likudziwika. Nyimbo zingawapepukitse usiku, koma pazokha sizingazule muzu.

Aphunzitsi Jere (Tsangano): Ndiwonjezere pa mawu a pabokosiwo, poti ndi amene akukweza mtengo. "Binaural" si zatsopano. Anazitulukira ndi Heinrich Wilhelm Dove wa ku Germany mu 1839. Khutu lamanzere umalipatsa kaliwu konjenjemera ka 200 pa sekondi, lamanja ka 210, ndiye ubongo umamva ngati pali kugunda kwachitatu, ka 10 pa sekondi. N'chifukwa chake zimafuna mahedifoni, pa sipika sizitheka. Ofufuza ena anapeza kuti zimathandizako pang'ono, ena sanapeze kanthu, ndiye nkhaniyi sinagamulidwe. Za 432 Hz, ndiko kuti liwu lonjenjemera ka 432 pa sekondi, ndiye ndikukana poyera. Ndi kuchuna chabe zoimbira motsikirapo pang'ono kuchoka pa 440 Hz imene oimba ambiri amagwiritsa ntchito. Palibe umboni wolimba woti nambala imeneyo imachiritsa. Ndipo mawu onsewa ali pa YouTube kwaulere, chimene mungawononge ndi mamega basi.

Chikumbutso (dalaivala, Zóbuè): Aphunzitsi, za manambala ndakumvani. Koma ine sindikuteteza bokosi, ndikuteteza kutseka makutu. Amayiwa chikuwaopsa ndi mvula pamalata. Akapanda kuimva, sagona?

Nagama (namwino): Make Tadala, munamvetserako zimene zili m'kakhadimo?

Make Tadala (Moatize): Anandiveka pang'ono pasitolo pomwepo. Muli kaphokoso kong'ung'udza, mbalame, mafunde a nyanja, madzi a mtsinje, ndi mvula yogwa ndi mabingu akumveka patali. Mnyamatayo anati ya mvulayo ndi imene anthu amaikonda kwambiri.

Nagama (namwino): Mayo! Imeneyo ndiye ayi, mchemwali wanga. Kwa munthu wina mvula ndi tulo, koma kwa amayi anu mvula ndi usiku uja madzi analowa m'nyumba. Muwaveke mtsinje ndi mabingu m'makutu, mumdima, ali okha, asakudziwa pozimitsira? Thupi silifunsa ngati madziwo ndi enieni kapena a m'kakhadi. Mtima udzangoyamba kuthamanga. Amene anadzaza kakhadiko sankawadziwa amayi anu.

Pa zotseka makutu, achimwene a Chikumbutso, kwa inu zikugwira chifukwa phokoso la injini limangokusokonezani, simuliopa. Munthu amene anathawapo madzi amagona khutu lili kunja, kumvetsera ngati akubwera. Ena mukawatseka makutu mantha amakula, chifukwa mwawalanda mlonda wawo. Komanso mantha oterewa akamangothawidwa sachoka, amakhazikika. Amatha pang'onopang'ono munthu akamathandizidwa kukamba zimene zinachitika ndi wina wodziwa ntchitoyo.

Chikumbutso (dalaivala, Zóbuè): Za mvula m'kakhadimo sindinaziganize. Pamenepo ndagonja. Koma kakhadi amafufuta, n'kuikamo zina.

Bambo Maseko (Ulongwe): Ndiye mukhala mutalipira 3,500 kugula chinthu choti mukafufute?

Agogo Nankhoma (Furancungo): Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Nonse mukukamba za amayiwa, koma palibe wafunsa kuti iwo akufuna chiyani. Iwe make Tadala, amako amaimba? Amagona ndi yani m'nyumbamo?

Zoti nyimbo zimatonthoza mtima ife tinazidziwa kale. Pa 1 Samueli 16:23, Sauli akavutika mumtima, Davide ankatenga zeze n'kumuimbira, iye n'kupeza bwino. Koma onani kuti Davideyo ankakhala pomwepo, m'chipinda momwemo. Pamaliro sitimusiya wofedwa yekha ndi wailesi, timachezera naye kuimba mpaka kucha. Ine mwamuna wanga atatisiya, chimene chinandigoneka ndi amayi anzanga amene ankabwera madzulo, kukhala pakhonde, wina n'kuyambitsa nyimbo, ine n'kumalandira ngakhale mawu akunjenjemera. Poimba umakoka mpweya wambiri n'kuutulutsa pang'onopang'ono, ndipo pofika ndime yachitatu chifuwa chamasuka.

Nagama (namwino): Agogo anena zoona, ndipo kuchipatala timaphunzitsa zomwezo: kutulutsa mpweya motalika kumachedwetsa kugunda kwa mtima. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi pafupi ndi chipatala kumvetsera anthu ovutika maganizo. Atayesa njirayi, zotsatira zimene zinatuluka mu 2016 zinaonetsa kuti anthuwo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse.

Koma chonde, musanachite china chilichonse, amayi akapimidwe. Mtima kugunda ndi manja kunjenjemera si nkhawa yokha imene imabweretsa. BP yokwera, kuchepa kwa magazi, shuga, ngakhale chithokomiro, zonsezi zimatha kuoneka chimodzimodzi. Akapite kuchipatala cha ku Ulongwe, akawayeze, ndipo mukafunse za ogwira ntchito ya matenda a maganizo. M'dziko muno alipo matekiniko ophunzitsidwa zimenezi amene amagwira m'zipatala za m'maboma. Mukafotokoze za madzi aja momveka, osangoti "sagona".

Make Tadala (Moatize): Agogo, funso lanu landilasa. Amagona okha. Mdzukulu amene ankakhala nawo anapita kusukulu ku Ulongwe. Kuimba ndiye amaimba, ndi a chigwirizano, ndipo kale ndi amene ankayambitsa nyimbo. Dikirani ndiwaimbire foni.

Aphunzitsi Jere (Tsangano): Podikira, kwa amene muli nawo kale mahedifoni ngati a Chikumbutso: bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvetsera pa mphamvu ya phokoso ya madesibelo 80, ndipo mukakweza, maola otetezekawo amatsika msanga. Wina akakulankhulani ali pafupi inu osamumva, mwakweza kwambiri. Kugona nawo usiku wonse maola amachuluka osadziwa.

Make Tadala (Moatize): Ndalankhula nawo. Za mahedifoni akana ndisanamalize n'komwe. Akuti, "Unditseke makutu usiku, wina akagogoda ndimva bwanji?" Koma nditatchula nyimbo za chigwirizano anakhala chete, kenako anati chiyambire mavutowa anasiya kupita Lachinayi, amachita manyazi kuti manja awanjenjemera pamaso pa anzawo. Ine zimenezi sindinkazidziwa. Ndalira.

Agogo Nankhoma (Furancungo): Usalire mwana wanga, wapeza poyambira. Uwaimbire amayi oyang'anira chigwirizano kumeneko. Akamva, apita okha kukawaona.

Bambo Maseko (Ulongwe): Ndiye ndalamayo igaweni chonchi. Pamsika pano pali timawailesi tolowa kakhadi, tokhala ndi tochi ndi kasola pamsana, mtengo wake sufika n'komwe pa wa mahedifoniwo. Mwana wanga akhoza kupita Lachinayi ndi foni kukajambula amayi a chigwirizano akuimba, akavomera, tiike m'kakhadi. Yotsalayo ikhale ya chapa, minibasi yopitira kuchipatala. Tochiyo ithandizanso, mdima umakulitsa mantha.

Nagama (namwino): Ndagwirizana nazo. Aziyatsa madzulo kusanade, motsitsa, ngakhale tsiku lopanda mitambo, kuti thupi lizolowere kuti nyimbozo ndi nthawi yopuma. Asadikire mabingu. Ndipo miyezi ya mvulayi papezeke munthu wogona nawo.

Chikumbutso (dalaivala, Zóbuè): Kwa amayiwa ndavomera, wailesi ndiye yoyenera. Koma wina wogona paphokoso ngati ine akadzafunsa, ndidzamuuzabe kuti agule mahedifoni, otchipa omwewa, aikemo nyimbo zakezake. Achemwali, Loweruka ndikudutsa pa Moatize kupita ku Calómuè. Ngati pali katundu wa amayi ndikhoza kukasiya kwa bambo Maseko.

Make Tadala (Moatize): Zikomo achimwene, ndikwera nanu ine ndemwe, ndikufuna ndikawaperekeze kuchipatala Lolemba. Amalume a Maseko, ndikutumizirani ya wailesi pa M-Pesa madzulo ano. Musankhe ya mabatani akuluakulu, maso awo saona bwino tizilembo tating'ono.