Mdadada wa zitseko 4 ku Chankhanga pa K30 miliyoni: tigule kapena tisiye?

Nabanda: Abale, ndithandizeni nzeru. Ku Chankhanga, m'tauni ya Kasungu, kuli mdadada wa zitseko 4 womwe akugulitsa K30 miliyoni. Chitseko chilichonse ndi chipinda ndi balaza, malata akadali abwino, magetsi alimo, mpopi ndi umodzi panja. Matenanti alimo kale, aliyense amalipira K70,000. Ine ndi bambo akunyumba tili ndi K20 miliyoni, yotsalayo tikuganiza zokakongola kubanki. Dobadoba akuti tifulumire poti enanso akuufuna.

A Mwale: Dobadoba amene sanena choncho sanabadwe. Achemwali, tengani cholembera. K70,000 kanayi ndi K280,000 pamwezi, pachaka K3,360,000. Ndiye kuti ndalama yanu ibwerera pakatha zaka pafupifupi 9, ngati aliyense akulipira mwezi uliwonse ndipo palibe chowonongeka, zomwe sizichitika. Muwerenge miyezi 10 basi pachaka, mupeza zaka zikuyandikira 11. Koma vuto lenileni ndi ngongoleyo. Reserve Bank itakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti mu 2024, ngongole za m'mabanki zinawawa. Pa mlingo ngati umenewo, K10 miliyoni ikubereka K2.6 miliyoni pachaka, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze. Lendi yonse idzingodutsa m'manja mwanu kupita kubanki, inu n'kumatsala ndi dzina loti alandilodi.

Mayi a Tiya: Masamu anu ndawamva alamu, koma mwaiwala mbali ina. K20 miliyoniyo ikakhala mu akaunti ikhala ikusungunuka. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023. Amene anali ndi ndalama m'buku anagona olemera n'kudzuka osauka, amene anali ndi khoma ndi malata sanataye kanthu. Simenti nthawi zambiri imangokwera mtengo. Pitani mukafunse mmisiri kuti mdadada ngati umenewo angaumange ndi zingati lero, kuphatikizapo poloti, mukamva nokha.

A Mwale: Khoma limakwera mtengo, eya. Koma lendi imakwera msanga ngati simenti? Tenanti wanu ndi mphunzitsi, malipiro ake amasintha kamodzi pachaka ngati asintha n'komwe. Mukangomuuza K90,000, mwezi wamawa mumuona pa kabaza ndi matilesi.

Mayi a Tiya: Achoke, abwera ena. Tauni ya Kasungu siikuchepa. Anamwino a pachipatala cha boma, apolisi, aphunzitsi, ogwira m'mabanki ndi m'mabungwe, onsewa amabwera pa transifa ndipo samanga.

Nabanda: Nanga amene amabwera nyengo ya fodya aja?

A Chisale: Amenewo musawadalire mlongo. Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa cha mu April ndalama imayenda, munthu amakulipirani miyezi itatu pakamodzi osanenerera. Msika ukatsekedwa mumangoona loko pachitseko, mkati muli mphasa ndi ndowa, mwini wake foni sakuyankha. Kuthyola lokoyo nokha n'kutulutsa katundu ndi kudziitanira mlandu, zimafunika notisi yolembedwa, zikakanika kukhoti. Bola wa malipiro a pamwezi, ngakhale amachedwetsa.

Koma ine chikundidetsa nkhawa ndi mpopi umodzi uja. Mabanja anayi bilu imodzi ya Central Region Water Board, ndewu yake simuidziwa. Wina ali yekha, wina ali ndi ana asanu ndi matewera ochapa tsiku lililonse, ndiye muwauze agawane mofanana? Magetsinso funsani ngati chitseko chilichonse chili ndi mita yakeyake ya ESCOM yothira mayunitsi. Ngati ndi imodzi, tsiku limene wina adzagule hotipuleti mudzakhala woweruza milandu usiku. Ndipo mukafunse ngati pali bilu yakale ya madzi, chifukwa ngongoleyo mudzaipeza pa mpopi pomwepo.

Amalume a ku Santhe: Ana inu mukukangana za lendi, funso loyamba simunafunse. Mwini wake akugulitsiranji nyumba yomwe ikumupatsa ndalama mwezi ndi mwezi?

Nabanda: Akuti inali ya bambo awo omwe anatisiya, ndiye ana akufuna agawane.

Amalume a ku Santhe: Eee, apa ndiye khalani pansi mwanawe. Chuma cha masiye chili ndi lamulo lake la 2011, ndipo mkazi wa malemu ndi ana onse ali ndi gawo, kuphatikizapo a kwa mayi ena amene simunawaone. Wogulitsayo akuonetseni kalata za kukhoti zomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Mwana woyamba kubadwa kungonena kuti ndine wamkulu pano si chilolezo. Kenako mapepala a malo: pali lizi? Ili m'dzina la ndani? Kapepala kolemba pamanja kokhala ndi chidindo cha amfumu a m'dera sikokwanira m'tauni. Pitani nokha kukhonsolo ndi ku ofesi ya za malo, osati kutuma dobadoba, mukaone ngati polotiyo ili pamapu, ngati mareti ndi lendi ya malo zili zolipira, ndiponso ngati sanaikoleke pa ngongole ina. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dzina lisanasinthidwe musapereke ndalama yonse.

A Chisale: Mutengenso mmisiri wanu akagogode khoma. Nyumba zina anamangira dothi n'kupaka pulasitala pamwamba. Ayang'ane mitengo ya denga ngati chiswe sichinalowe, ndi chimbudzi ngati chatsala pang'ono kudzaza. Kukumba china ndi ndalama, komanso malo ake alipo?

Mayi a Tiya: Msonkho wa MRA musauiwale, lendi nayo ndi phindu. Komabe ine ndikuti gulani, mapepala akakhala bwino.

A Mwale: Ine ndikuti gulani ndi ndalama yanu yokha. Auzeni K22 miliyoni, anthu ogawana chuma amakhala pachangu kuposa inu. Akakana, K20 miliyoniyo mugule poloti cha ku Belele, muyambe zitseko ziwiri, zinazo zidzamangidwa ndi lendi.

Nabanda: Ndamuimbira dobadoba uja kuti ndikufuna ndione lizi ndi kalata za kukhoti. Akuti mapepala ali ndi mlongo wa wogulitsayo wa ku Lilongwe, koma ndiyambe ndapereka K2 miliyoni yogwirira.

Amalume a ku Santhe: Musapereke olo K500. Mlongoyo akwere basi abwere nawo, Lilongwe si kutali.